Malaya Oyera a pa Msika wa Nsomba: Mbiri ya Bungwe la WIPNET

M'dera la Sinkor, mumzinda wa Monrovia ku Liberia, muli tchalitchi cha St. Peter's cha mpingo wa Lutheran. Usiku wa pa 29 Julayi 1990 asilikali a boma analowa m'tchalitchimo n'kupha anthu pafupifupi 600 amene anathawiramo nkhondo. Ambiri anali a mtundu wa Gio ndi Mano, ndipo pakati pawo panali amayi ndi makanda. Patapita zaka 12, kagulu ka amayi kanayamba kukumana pamalo omwewo mlungu uliwonse kudzapempherera mtendere. Pamenepo ndi pamene nthambi ya ku Liberia ya bungwe la Women in Peacebuilding Network, lodziwika mwachidule kuti WIPNET, inazika mizu yake.

Kuti munthu amvetse chimene amayiwa anayamba, ayenera kudziwa kaye mmene dzikolo linang'ambikira. Liberia inakhazikitsidwa ndi anthu akuda ochokera ku America, omwe anayamba kufika pagombe lake mu 1822 ndipo analengeza ufulu wa dzikolo mu 1847. Ana ndi zidzukulu zawo, ngakhale anali ochepa, ndiwo analamulira mitundu 16 ya eni nthaka mpaka mu 1980, pamene msilikali wina wa mtundu wa Krahn, Samuel Doe, analanda boma. Doe anadzaza gulu la asilikali ndi anthu a mtundu wake. Mu 1985 kutalephereka chiwembu chofuna kumuchotsa, mkwiyo wake unagwera a Gio ndi a Mano a m'chigawo cha Nimba. N'chifukwa chake Charles Taylor atalowa ku Nimba ndi zigawenga zake pa 24 Disembala 1989, sanavutike kupeza anyamata ofuna kubwezera. Iwo anasakasaka a Krahn, komanso a Mandingo, mtundu wa amalonda Achisilamu umene ankauganizira kuti unali kumbali ya Doe. Pamalo otchinga msewu munthu ankafa chifukwa cha dzina lake, kalankhulidwe kake kapena chipewa chimene wavala.

Taylor anapambana chisankho mu 1997, koma pofika 1999 nkhondo inali itabukanso kumpoto, m'chigawo cha Lofa. Gulu latsopano la zigawenga, LURD, linali ndi a Mandingo ndi a Krahn ambiri, ndipo mtsogoleri wake, Sekou Conneh, anali Msilamu. Taylor naye ankakonda kudzionetsa m'matchalitchi ngati mtumiki wa Mulungu. Nkhondoyo sinali yachipembedzo. Inali yolimbirana mpando, mitengo ya matabwa ndi miyala ya dayamondi. Koma m'dziko limene anthu pafupifupi 85 mwa 100 alionse ndi Akhristu ndipo pafupifupi 12 ndi Asilamu, zinali zosavuta kuti mayi wa kutchalitchi aone mnzake wa kumzikiti ngati mlongo wa anthu amene anaotcha mudzi wake. Nkhondo ziwirizi zinapha anthu pafupifupi 250,000 m'dziko la anthu osapitirira kwenikweni 3 miliyoni.

WIPNET sinabadwire ku Liberia. Kholo lake ndi bungwe la West Africa Network for Peacebuilding, kapena kuti WANEP, limene linakhazikitsidwa mu 1998 ndi Emmanuel Bombande wa ku Ghana ndi Sam Gbaydee Doe wa ku Liberia, yemwe ndi munthu wina, osati Samuel Doe uja. Likulu lake lili ku Accra, ku Ghana. M'zaka zoyambirira za WANEP zinaoneka kuti kumaphunziro ndi kumisonkhano ya zamtendere amayi ankabwera ochepa, ndipo obwerawo ankangokhala chete. Loya wina wa ku Nigeria, Thelma Ekiyor, anaganiza zokhazikitsa nthambi ya amayi okhaokha. Nthawi inali yabwino, chifukwa pa 31 Okutobala 2000 komiti yoona zachitetezo ku United Nations inali itavomereza mfundo nambala 1325, yonena kuti amayi azikhala nawo pa zokambirana zonse za mtendere. Msonkhano woyamba wa WIPNET unachitikira ku Accra chakumapeto kwa 2001, ndipo kunabwera amayi ochokera m'maiko ambiri a kumadzulo kwa Africa.

Cholinga chinali chomveka: kuphunzitsa amayi luso lothetsa mikangano, kuwalumikiza dziko ndi dziko, ndi kuwachotsa kuseri kuti akakhale pamene zinthu zimagamulidwa. Buku loyamba lophunzitsira linali lolembedwa pamanja. Udindo woyendetsa nthambi ya ku Liberia unaperekedwa kwa Leymah Gbowee, mayi wa zaka pafupifupi 30, amene masana ankagwira ntchito yopereka uphungu kwa anthu osweka mtima ndi nkhondo pansi pa mpingo wa Lutheran, kuphatikizapo ana omwe anali asilikali. Ntchito ya WIPNET ankaigwira madzulo, popanda malipiro. Amayi ena amene anayamba kale kumenyera mtendere sanasangalale kuti udindo wotere wapita kwa mwana wadzulodzulo wopanda dzina.

Ndipo pano tiyenera kunena chilungamo: amayi a WIPNET sanali oyamba. Mu 1994 Mary Brownell ndi anzake anakhazikitsa Liberian Women's Initiative, ndipo ankalowa m'misonkhano ya mtendere osaitanidwa. Ruth Perry anatsogolera boma logwirizira kuyambira 1996 mpaka 1997. Mu 2000 kunabadwa bungwe la MARWOPNET, lolumikiza amayi a ku Liberia, Sierra Leone ndi Guinea. Koma ambiri mwa amayiwa anali ophunzira, a m'tauni, odziwana ndi akuluakulu. Chatsopano chimene WIPNET inabweretsa n'chakuti inapita kwa amayi ogulitsa nsomba ndi tsabola, kwa amayi a m'misasa ya othawa nkhondo, kwa amayi osadziwa kulemba dzina lawo.

Gulu lopemphera la ku St. Peter's lija linakula n'kukhala Christian Women's Peace Initiative, motsogozedwa ndi atsogoleri a amayi a mumpingo monga Comfort Freeman ndi Vaiba Flomo. Tsiku lina, pa mapemphero ena m'tchalitchi, mayi wina anaimirira n'kunena kuti iye yekha ndiye Msilamu m'nyumbamo, ndipo akupita kukasonkhanitsa amayi Achisilamu kuti achite zomwezo. Anali Asatu Bah Kenneth, wapolisi. Anasunga lonjezo lake, ndipo gulu la amayi Achisilamu linakhazikitsidwa.

Anthu akamakamba za WIPNET amathamangira ku Accra, kutsiku limene amayi anatsekera zigawenga m'chipinda cha zokambirana za mtendere. Ine ndimaona kuti ntchito yolemera kwambiri inachitika miyezi yambiri tsikulo lisanafike, m'zipinda zazing'ono zopanda atolankhani. Amayi ena Achikhristu anakana kupemphera limodzi ndi Asilamu, ati chikhulupiriro chawo chisukuluka. Ena anali ndi zifukwa zoposa pamenepo, chifukwa anali ataika m'manda ana ophedwa ndi zigawenga za mtundu wa mayi amene akuuzidwa kuti akhale naye pa benchi imodzi. Atsogoleri sanabise zimenezi kapena kuzipaka shuga. Anawaika m'magulu, Akhristu paokha, Asilamu paokha, kuti aliyense anene zabwino ndi zoipa zimene amakhulupirira za anzakewo, kenako anawakumanitsa kuti amve. Panalinso mwambo wokhala mozungulira, mayi aliyense n'kufotokoza zimene zinamuchitikira, zomwe mwina anali asanauzepo munthu. Ankautcha kutula katundu. Mayi wa Chimandingo akamaliza kufotokoza mmene anamugwiririra mwana wake akuona, mayi wa mtundu wina, wa Lorma, amene ankamumvetsera ankapeza kuti wamva nkhani yake yomwe. Funso limene linadzakhala mfuwu wa gululo linachokera mmenemo: kodi chipolopolo chimafunsa kuti uyu ndi Mkhristu kapena Msilamu?

Sanasakanize zipembedzo. Akhristu ankaimba nyimbo zawo, Asilamu n'kuchita mapemphero awo, wina akamapemphera mnzake ankadikira mwaulemu. Palibe amene anauzidwa kuti asiye chake. Nzeru imeneyi ndi imene inasunga gululo.

Chakumapeto kwa 2002 anayamba kuyenda. Lachisanu ankaima pamizikiti anthu akamatuluka ku mapemphero a masana, Loweruka m'mawa m'misika, Lamulungu m'matchalitchi. Ankagawa timapepala tonena kuti atopa ndi kuphedwa kwa ana awo ndi kugwiriridwa, ndipo kwa amene samatha kuwerenga anali ndi zithunzi zojambula pamanja. Wailesi ya Akatolika ya Radio Veritas, kumene kunkagwira ntchito mtolankhani Janet Johnson Bryant, inkaulutsa mauthenga awo. Inali nthawi imene kudzudzula Taylor kunkatha kumutengera munthu kundende kapena kumanda.

Mu Epulo 2003, zigawenga za LURD zikuyandikira Monrovia ndipo gulu lina latsopano la MODEL litabuka kum'mawa, amayiwo analengeza chimene anachitcha Women of Liberia Mass Action for Peace. Anasankha bwalo lina la ku Sinkor, pafupi ndi msika wa nsomba, m'mbali mwa msewu wa Tubman Boulevard, chifukwa mdipiti wa galimoto za pulezidenti unkadutsa pamenepo tsiku lililonse. Anagwirizana kuti onse azivala malaya oyera ndi duku loyera, popanda ndolo, mikanda kapena zodzoladzola. Chovalachi chinali ndi ntchito yake. Pabwalopo munthu sakanatha kusiyanitsa mkazi wa bwana ndi wogulitsa makala, kapena kudziwa amene wachokera kumzikiti. Ankafika m'bandakucha n'kukhala pansi, padzuwa ndi pamvula, ndipotu Monrovia ndi umodzi mwa mizinda imene kumagwa mvula yambiri zedi mu Africa.

Zofuna zawo zinali zitatu zokha: kumenyana kuleke nthawi yomweyo popanda kuikapo zifukwa, boma ndi zigawenga akhale pansi akambirane, ndipo kubwere asilikali akunja osungitsa mtendere. Anakana kunena kuti ali kumbali ya ndani, anakananso kuti andale alankhule pabwalo lawo. Anadzalengezanso kuti azikana amuna awo kuchipinda mpaka mtendere utabwera. Nkhani imeneyi ndiyo inakoma kwambiri m'makutu a atolankhani akunja, koma atsogoleri ake eniake anadzavomera kuti phindu lake lalikulu linali kukopa chidwi cha anthu basi.

Pa 23 Epulo 2003 Taylor anavomera kukumana nawo. Amayi oposa 2,000 anasonkhana kunyumba ya boma. Gbowee anawerenga uthenga wawo molunjika kwa Grace Minor, mtsogoleri wa nyumba ya maseneta, yemwe anali mayi yekhayo pakati pa akuluakulu a boma patsikulo, uku Taylor akumvetsera. Iye analonjeza kuti apita ku zokambirana. Nthumwi zina zinapita ku Freetown, ku Sierra Leone, kumene atsogoleri a LURD anali ndi msonkhano, ndipo zinakhala panja pa hotela yawo mpaka nawonso analonjeza. Apa m'pamene mgwirizano wa zipembedzo ziwiri unaonetsa phindu lake. Amayi Achikhristu ankakakamiza abusa ndi mabishopu kuti alankhule ndi boma, pamene amayi Achisilamu ankakakamiza maimamu kuti alankhule ndi zigawenga. Gulu la chipembedzo chimodzi likanangofika khomo limodzi.

Zokambirana zinatsegulidwa ku Ghana pa 4 Juni 2003 pansi pa ECOWAS, bungwe la maiko a kumadzulo kwa Africa, mkhalapakati ali General Abdulsalami Abubakar, mtsogoleri wakale wa Nigeria. Tsiku lomwelo khoti lapadera la ku Sierra Leone linaulula kuti Taylor akuimbidwa milandu ya nkhondo, ndipo iye anabwerera ku Monrovia mwamsangamsanga n'kusiya nthumwi zake. WIPNET inasonkha ndalama n'kutumiza amayi ochepa, omwe anakasonkhanitsa anzawo a kumsasa wa othawa kwawo wa Buduburam. Amayi a MARWOPNET anali ndi mipando m'chipinda cha zokambirana. A WIPNET anasankha kukhala panja ndi zikwangwani zawo, ndipo magulu awiriwa ankauzana zimene zikuchitika.

Milungu inadutsa. Atsogoleri a zigawenga, amene anazolowera kugona m'tchire, tsopano ankagona m'mahotela, ndipo mkangano wawo waukulu unali wakuti ndani atenge unduna uti. Pangano losiya kumenyana la pa 17 Juni silinakhalitse. Kwawo ku Monrovia mabomba ankagwera m'misasa ya anthu wamba, mpaka anthu anaunjika mitembo pachipata cha ofesi ya kazembe wa America. Chakumapeto kwa Julayi amayi pafupifupi 200 analowa m'khonde la chipinda cha zokambirana, anakhala pansi, n'kukolana mikono. Anatumiza kalata kwa mkhalapakati yonena kuti palibe atuluke mpaka atagwirizana. Ena anakaima kumawindo chifukwa amuna ena anayesa kudumphira kumeneko. Achitetezo atabwera kudzagwira Gbowee, iye anayamba kumasula duku lake n'kunena kuti avula zonse. Ife sitifunika kutanthauziridwa zimenezi. Kwathu kuno nakonso, mayi akavula pamaso pa mwana amene anamubereka, limenelo ndi temberero. Achitetezo anabwerera m'mbuyo, ndipo Abubakar anaima kumbali ya amayiwo n'kubweza amuna aja m'chipinda.

Sikungakhale kulondola kunena kuti amayi okha ndiwo anathetsa nkhondo. Taylor anali atapanikizidwa ndi zigawenga, ndi khoti, ndiponso ndi maiko akunja. Asilikali a ECOWAS, motsogozedwa ndi Nigeria, anayamba kufika pa 4 Ogasiti, ndipo pa 11 Ogasiti Taylor anatula pansi udindo n'kupita ku Calabar, ku Nigeria. Koma amene analipo amavomereza kuti kuchokera tsiku la pakhonde lija zokambirana zinasiya kukhala masewera. Pangano la mtendere linasainidwa ku Accra pa 18 Ogasiti 2003.

Mabungwe ambiri obadwa pa nthawi ya mavuto amafa mavutowo akatha. WIPNET inaona kuti Liberia inali itasainapo kale mapangano ambirimbiri amene anathera m'madzi, choncho inatenga panganoli n'kuligawa m'timfundo tosavuta, kuti mayi wa kumudzi adziwe chimene chiyenera kuchitika mwezi uno ndi mwezi wamawa, n'kumafunsa chikalephereka. Mu Disembala 2003 asilikali a United Nations anayamba kulanda zida ku Camp Schieffelin. Kunabwera anyamata ochuluka kuposa amene ankayembekezeka, ndalama zimene ankayembekezera sizinaoneke, ndipo mfuti zinayamba kulira. Amayi a malaya oyera, omwe poyamba sanafunsidwe nzeru, anapita kumeneko kukalankhula ndi anyamatawo ngati ana awo, pakuti ambiri analidi ana awo. Ntchitoyo itayambiranso mu 2004 anapatsidwa mbali, ndipo anthu oposa 100,000 anatula zida.

Kenako kunabwera kalembera wa chisankho cha 2005. Masiku akutha, zinaoneka kuti amayi a m'misika sakupita kukalembetsa, chifukwa kusiya benchi tsiku limodzi ndiye kuti ana agona ndi njala. WIPNET inatumiza amayi odzipereka 200 kukakhala pamabenchiwo, kugulitsa malonda ndi kulera ana, eni ake n'kupita pamzere. Kalembera atatsekedwa, theka la olembetsa anali amayi. Ellen Johnson Sirleaf anapambana chisankho chachibwereza mu Novembala ndipo analumbira pa 16 Januwale 2006, mayi woyamba kusankhidwa kukhala pulezidenti mu Africa. Pa nthawi yomweyo lamulo latsopano lokhwimitsa chilango cha kugwiririra linayamba kugwira ntchito, chipatso cha khama la mabungwe angapo a amayi, makamaka la maloya achizimayi la AFELL.

Chaka cha 2006 chinali cha kusintha. Gbowee ndi Ekiyor anachoka n'kukayambitsa bungwe lina ku Accra, WIPSEN-Africa, loima palokha osati pansi pa WANEP. Kutchuka kunatsatira iwo: filimu ya Pray the Devil Back to Hell mu 2008, ndi mphoto ya Nobel ya mtendere mu 2011, imene Gbowee anagawana ndi Sirleaf ndi Tawakkol Karman wa ku Yemen. WIPNET inatsala ndi amayi amene mayina awo sadziwika kunja kwa midzi yawo, ndipo m'chaka chomwecho cha 2006 anayambitsa ntchito imene yakhalitsa kuposa zonse.

Ku Liberia kuli mwambo wakale wa palava hut, chisakasa chozungulira chapakati pa mudzi pamene akuluakulu amaweruzira milandu, monga bwalo la kwa mfumu kwathu kuno. Oweruza pamenepo amakhala amuna. Amayi a WIPNET anatenga chisakasacho n'kuchitembenuza: anamanga zawo, zimene amazitcha peace hut, zisakasa za mtendere, ndipo oweruza ake ndi amayi. Mayi amene mwamuna wake wamumenya, kapena wamuthawa n'kumusiyira ana, kapena amene abale a malemu mwamuna wake akumulanda munda, amakadandaula kumeneko. Mwamunayo amaitanidwa, ndipo akakana, amayi ovala zoyera amapita kukamutenga. Mbali zonse zimalankhula, chigamulo chimaperekedwa, ndipo amayiwo amabwereranso kukaona ngati chikutsatidwa. Mlandu wa kugwiririra saukambirana m'chisakasa. Umenewo amaupititsa kupolisi, n'kumperekeza wolakwiridwayo kuchipatala ndi kukhoti, kuti achibale asaumalizire kuseri ndi mbuzi kapena ndalama. M'madera ena, monga ku Weala m'chigawo cha Margibi, amayiwa anapatsidwa mafoni oti aziimbira apolisi mkangano usanakule.

Zisakasazi n'zofunika kwambiri kumene mitundu inabwerera kuchokera kothawa n'kupeza ena atakhala pamalo awo. Ku Nimba ndi ku Lofa mikangano ya malo pakati pa a Mandingo ndi anansi awo sinathe ndi pangano la ku Accra. Mu Okutobala 2004 matchalitchi ndi mizikiti zinaotchedwa ku Monrovia, ndipo mu Febuluwale 2010 zomwezo zinachitika ku Voinjama, kutamveka mphekesera zokhudza imfa ya mtsikana wina. Moto wotere umayamba ndi kanthu kakang'ono, malire a munda kapena mawu onenedwa pamsika, ndipo amene amayamba kumva fungo la utsi ndi amayi a pachitsime. Chisakasa chimene muli amayi a mitundu yonse iwiri chimatha kufunsa mbali zonse dzuwa lisanalowe.

Bungwe la UN Women linathandiza kumanga zisakasa zambiri ndi kuphunzitsa amayi ake, ndipo chiwerengero chake chinapitirira 30. M'kupita kwa nthawi zinakhalanso malo ophunzirira kuwerenga, kusoka ndi kuyendetsa banki nkhonde, pakuti mayi amene alibe yake ndalama savuta kumubweza kwa mwamuna womumenya. Amayi a m'zisakasazi anadzakhala ndi bungwe lawolawo, National Peace Hut Women of Liberia, limene mu 2019 linalandira mphoto ya United Nations ya zachiwerengero cha anthu.

Kayendetsedwe ka WIPNET sikovuta kukamvetsa. Mpaka lero ndi nthambi ya WANEP, osati bungwe lodziimira palokha. Ku likulu ku Accra kuli ofesi yoona za amayi, mtendere ndi chitetezo, imene imakonza maphunziro ndi kulumikiza maiko. M'dziko lililonse mmene WANEP ili ndi ofesi muli woyendetsa ntchito za amayi, ndipo pansi pake pali magulu a m'zigawo ndi m'midzi okhala ndi atsogoleri awo. Ku Liberia, dziko la zigawo 15, mphamvu zenizeni zili m'magulu a pansiwa. Mamembala ambiri salipidwa. Ndalama za ntchito zikuluzikulu zimachokera kwa abwenzi akunja, ndipo apa m'pamene pali chilonda cha bungweli: thandizo limabwera ndi nyengo yake, likatha maphunziro amaima, denga la chisakasa limadontha, koma milandu siyisiya kubwera. Kukhala pansi pa WANEP kuli ndi ubwino wake, chifukwa WANEP imagwira ntchito limodzi ndi ECOWAS pa ndondomeko yochenjeza msanga za mikangano, ndipo zimene mayi waona kumudzi zimatha kufika pa tebulo la akuluakulu a chigawo chonse.

Bwalo la pa msika wa nsomba silinasiyidwe. Mu 2014, matenda a Ebola atalowa m'dzikomo n'kupha anthu pafupifupi 4,800, amayi a malaya oyera anabwereranso pamenepo kukapemphera, ndipo a m'zisakasa anayenda khomo ndi khomo kuphunzitsa anthu kusamba m'manja ndi kusakhudza mitembo. Chisankho chikamayandikira amasonkhananso, kusala kudya ndi kuchenjeza andale kuti asagwiritse ntchito achinyamata poyambitsa zipolowe. Asilikali a United Nations anachoka mu Malichi 2018, ndipo dzikolo lasintha boma kawiri mwamtendere, mu Januwale 2018 pamene George Weah analowa m'malo mwa Sirleaf, ndi mu Januwale 2024 pamene Joseph Boakai analowa m'malo mwa Weah.

Zimene zatsala n'zambiri, ndipo ndi zimene zikulamula ntchito za bungweli masiku ano. Kugwiririra kunafika poti mu Seputembala 2020, pambuyo pa zionetsero za masiku atatu ku Monrovia, pulezidenti Weah analengeza kuti ndi vuto ladzidzidzi la dziko lonse. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja linasainidwa mu 2019, ndipo lamulo la malo la 2018 limapatsa amayi mawu pa nthaka ya makolo, koma lamulo lolembedwa ku Monrovia silidziyendera lokha kukafika ku Lofa. M'Nyumba ya Malamulo, m'dziko limene linapatsa Africa pulezidenti wamkazi woyamba, amayi ndi pafupifupi mmodzi yekha mwa aphungu 10 alionse. Taylor akugwira ukaidi wa zaka 50 ku Britain, koma chifukwa cha milandu ya ku Sierra Leone. Pa zimene zinachitika m'Liberia momwemo, kuphatikizapo usiku uja wa ku St. Peter's, palibe khoti la m'dzikomo limene laweruzapo munthu. Mu Meyi 2024 Boakai anasaina chikalata chokhazikitsa ofesi yokonzekera khoti la milandu ya nkhondo.

Choncho WIPNET ikupitiriza kuphunzitsa amayi kukhala pakati pa okangana, kuwalimbikitsa kupikisana nawo pa zisankho, kufotokozera anthu a kumidzi malamulo atsopanowa m'zilankhulo zawo, ndi kukumbutsa boma zimene linalonjeza pansi pa mfundo 1325, zomwe Liberia inazilembera ndondomeko yake yoyamba mu 2009. Ntchito ina imene yakula ndi yokoka atsikana. Oposa theka la anthu a ku Liberia anabadwa nkhondo itatha kapena anali makanda pamene inkatha, ndipo amayi amene anakhala padzuwa mu 2003 tsopano ndi agogo. Pamaphunziro a bungweli masiku ano pamakhala ana awo ndi zidzukulu zawo, Akhristu ndi Asilamu, ndipo amayi akuluakulu aja amawafotokozera za miyezi ya pa msika wa nsomba asanawaphunzitse kuweruza mlandu wa malire a munda.